Paipi Imene Inamwa Mvula

Galimoto ya amuna anga inkadziwika kuyambira ku Ngara mpaka ku Lupembe, koma osati chifukwa cha kukongola. Inali pikapu yakalekale, imene pa ubwana wake akuti inali yoyera, koma pofika m'manja mwathu n'kuti itatuwa ngati phulusa. Chimene anthu ankaidziwira ndi paipi yachitsulo yotuluka m'mbali mwa boneti, kukwera chotsamira galasi lakutsogolo, n'kukayasamula kukamwa pamwamba pa denga. Ana a sukulu ankati galimoto yosuta kaliwo. Eni ake akamva choncho ankangoliza hutala monyadira.

Paipiyo sinabwere ndi galimoto. Anachita kuiika iwowo ndi mnzawo wina, makaniko wa kuboma. Kuno nthawi ya dzinja timisewu tolowera m'midzi ya mpunga timasanduka mitsinje, ndipo magalimoto amandandalikana kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Amuna anga kudikira kunkawadwalitsa. Anandifotokozera tsiku lina, ine ndikusenda chinangwa, kuti injini imapuma mpweya ngati munthu, ndipo mphuno yake ili pansi. Ikangomwa madzi basi yafa. Ndiye iwo anaisamutsira mphunoyo kudenga. Timabowo tonse ta pansi anatimata ndi guluu kuti pasapezeke polowera ngakhale dontho. Kuyambira pamenepo, ena akaima iwo ankadutsa, madzi akulekeza m'zitseko. Eni mpunga ndi eni usipa sankawapatsa mpumulo pa foni. Ndinene mosabisa, paipi imeneyo ndiyo inatidyetsa, inatimangira nyumba, n'kuveka ana athu awiri aakazi yunifolomu.

Madzulo akaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, ankatenga chitini chakale cha mkaka chimene chinkalendewera pa msomali pakhonde, n'kuchivundikira pakamwa pa paipi. M'mawa ankachichotsa n'kuchibwezera pa msomali wake. Ndinawafunsapo kamodzi kuti chimenechi ndiye chiyani. Iwo anati, "Nayonso ndi bwana, igone ndi chisoti." Anali munthu wotero, funso lililonse ankaliyankha ndi nthabwala. Ine ndinangoti mwina akuopa kuti mavu angamangemo, n'kuiwalako.

Ine ndine wa ku Dowa. Ndinabwera ku Karonga ndili mtsikana, potsatira achimwene anga amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kuboma. Iwo atawasamutsa ine ndinatsala, mtima utakodwa kale. Kwathu ana ndi a mkazi. Mwamuna amadzakhala chikamwini, ndipo akafa kapena akachoka, ana amatsala ndi mayi wawo ndi amalume awo. Kuno malowolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Amalume anga analandira malowolowo akumwetulira, ngati mphatso ya anthu aulemu. Ine tanthauzo lake ndinkalidziwa ndithu, koma mkazi amene mwamuna wake ali moyo, akudya bwino, akuimba mluzu potsuka galimoto, zimenezo saziganizira.

Tsiku limenelo anabwera masana, dzuwa lili paliwombo. Anaimika galimoto pamalo pake n'kunena kuti mutu ukuwapweteka, agoneko pang'ono, dzuwa likapepa apite ndi usipa ku Lupembe. Chitini sanachikhudze popeza ankati atulukanso. Anagona pa mphasa pakhonde. Nditabwera ndi madzi akumwa ndinawapeza kukamwa kutapotoka, akundiyang'ana koma osatha kulankhula. Tinawanyamula pa galimoto ya eni, yawo ili chiimire pomwepo chifukwa panalibe woiyendetsa. Anamwalira kuchipatala mvula yoyamba isanagwe.

Maliro atatha, alamu anga, mkulu wawo wa malemu amene amakhala ku Vinthukutu, anandikhazika pansi. Si munthu woipa. Ndineneretu pano kuti ndisaiwale ndikapsa mtima kutsogoloku. Anati, "Mulamu, kuno katundu wa munthu amene watisiya sitigwira yayi, mpaka akuluakulu akumane, agawe. Chilichonse chikhale apo anachisiya mwenecho." Ndinafunsa kuti akumana liti. Anati mpunga ukakololedwa, chifukwa khamu lotere silikumana pa njala, komanso amalume awo amene ali ku Tanzania sangabwere misewu ili matope. Ndiye jekete, chipewa, nsapato za ntchito, bokosi la masipanala, zonse zinakhala pamene zinali. Chitini chinakhala pa msomali. Makiyi alamu anapita nawo ku Vinthukutu.

Anthu a kwina amaganiza kuti Karonga ndi dzuwa lokhalokha. Adzabwere kumapeto kwa dzinja adzaone mvula yogwa ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Ndinkaona madzi akudikha kumbuyo kwa pikapu, masamba a mango akuwolera momwemo. Mtima unandiwawa, ndipo alamu atabwera kudzationa ndinapempha kuti ndiifunditse lona. Lonayo inalipo, ya malemu omwewo, yopindidwa kuchipinda.

"Yayi, mulamu," anatero. "Lonayo nayo ndi katundu. Ndipo mukaiphimba galimoto anthu ati chiyani? Ati wa ku Dowa uja wayamba kale kubisa chuma. Ine ndikukutetezani imwe."

"Ndiye ingowola tikuona?"

"Chitsulo sichiwola ndi dzinja limodzi."

Ndinagonja. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Komanso nkhawa yanga inali pa za kunja, penti ndi matayala. Za paipi yoyasamula kumwamba ija palibe anaganiza, ine kapena iwo kapena aliyense wa anthu amene ankabwera pakhomopo kudzapepesa. Dzinja lonselo tinkadya za ku geni yanga ya mandasi ndi zimene ampingo ankabweretsa.

Mpunga utakololedwa abale anasonkhana. Anakambirana m'chiyankhulo chawo, mothamanga, ine ndikutola apa ndi apo. Zovala zinagawidwa, masipanala anapita kwa msuweni wina. Chitini palibe anachiwerengera. Kenako alamu anatembenukira kwa ine m'Chichewa, kuti pasadzakhale zoti sindinamve. Nyumba ili pa malo a banja, koma nditha kukhalamo. Galimoto ndi ya ana, ikhale m'manja mwanga. Ndikakwanitsa kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa, ana akhale ndi ine pa Ngara pomwepo. Ndikalephera, adzawatenga akakhale ku Vinthukutu, chifukwa ana a mng'ono wawo sangavutike iwo ali moyo. Za kumene ine ndidzalowere pamenepo sananene, ndipo sipanafunike kunena. Anthu anati mlandu wagamulidwa bwino, ndipo inenso ndinaona choncho. Ndinawomba m'manja ndi mtima wonse. Ndinkadziwa kuti galimoto ija ndikangoipezera dalaivala wokhulupirika, ana anga sapita kulikonse.

Asanandipatse makiyi, anati ailize kaye anthu asanabalalike, onse aone kuti andisiyira chinthu chamoyo. Batire inali itafa kalekale. Amuna anavula majekete n'kuyamba kukankha, alamu ali pa chiwongolero. Kuchokera pakhomo pathu kukafika kumsewu pali kamtsetse. Galimoto itathamanga, alamu anasiya kilatchi. Inangoti gu! Matayala akumbuyo anauma n'kukwekwereza pansi, okankha aja n'kugundana mitu. Anthu anaseka. Wina anati ikukana, ikufuna mwini wake. Anaibweza kumtunda, anaitana amuna ena, ndipo ulendo uno anakankha ndi mphamvu zawo zonse. Inatinso gu, kenako china chake chinalira m'kati ngati nkhuni yathyoka, injini n'kutsokomola, n'kudzuka. Ku paipi ya utsi ya kumbuyo kunatuluka madzi akuda ndi nthunzi. Amayi ena achikulire anagwira pakamwa n'kunena kuti taonani, ikulira maliro. Alamu anatsika misozi ili mbwembwembwe. Inenso ndinalira, pomva mawu amene ndinali ndisanawamve chimwalirire amuna anga.

Koma mawuwo sanali omwe aja. Ine za injini sindidziwa, koma zaka zonse za ukwati wanga ndinkatchera khutu kuti ndimve galimoto imeneyo ikukhota kumsewu, ndiike madzi osamba pamoto. Tsopano inkalira motsimphina, thupi lonse likunjenjemera mpaka galasi la m'mbali kugwedera. Dalaivala amene ndinamupeza anati yangokhalitsa, ikatentha iwongoka. Anapita nawo usipa ku Lupembe ulendo umodzi. Anabwerako akupitiriridwa ndi njinga, n'kundiuza kuti mphamvu ilibe, ikununkha petulo wosapsa, ndipo pansi pali chinthu chikugogoda. Anandibwezera makiyi mwaulemu.

Ndinaimbira mnzawo wa malemu uja, makaniko wa kuboma. Anabwera m'mawa pa minibasi, chikwama cha zida paphewa, batire yawo m'manja. Atandipepesa analiza injini n'kuima chopendeketsa mutu.

"Ikumisa, mama," anatero. "Ndiye kuti masilinda ake anayi aja, imodzi yagona, atatu ndiwo akukoka. Osadandaula kwambiri. Galimoto yokhalitsa, kawirikawiri ndi pulagi chabe."

Mawu akuti pulagi ndinawagwira ndi manja awiri. Pulagi ndi kanthu kokwana m'dzanja, koti mandasi angathe kugula.

Anandiuza kuti ndiime pafupi ndione, popeza galimoto tsopano inali m'manja mwanga. Pamwamba pa injini panali nthambo zinayi zonenepa, iliyonse yopititsa moto ku silinda yake. Injini ikulira, anazula yoyamba, ndipo inatsamwa kufuna kuzima. Anaibwezera. Yachiwiri chimodzimodzi. Atazula yachitatu, injini sinasinthe n'komwe, inapitiriza kutsimphina kwake ngati palibe chachitika.

"Mlesi wathu ndi ameneyu," anatero. "Kaya alipo kaya palibe, anzake sakumusowa."

Anamasula pulagi ya pamenepo. Inatuluka yonyowa, kunsonga itafiira ndi dzimbiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndikanafunira. Anaikamo ina yatsopano ya m'chikwama chawo. Palibe chinasintha. Anachotsa nthambo ya silinda yachitatu n'kuikapo ina, kuti ngati vuto lili mu nthambo lichoke nayo. Vuto linakana kuchoka. Anagunditsa pulagi ku chitsulo, ine ndikupotokola kiyi, ndipo kamoto kabuluu kanathetheka bwinobwino. Moto unalipo, petulo ankafika. Apa nthabwala zinawathera.

Anamasula mapulagi onse. Anatseka bowo loyamba ndi chala chachikulu n'kundiuza ndipotokolenso kiyi. Mpweya unakankha chalacho n'kutuluka mwaukali. Lachiwiri ndi lachinayi chimodzimodzi. Pa lachitatu chala chinangokhala phee. Kenako anapempha sipoko ya njinga, ndipo ndinakaitenga kwa aneba. Ankailowetsa m'bowo lililonse akuzunguza injini ndi sipanala pang'onopang'ono, kuti aone pamene pisitoni ikulekezera ikakwera, n'kumaika chizindikiro pa sipoko ndi oilo wakuda. Mapisitoni enawo ankafika pamodzimodzi. Ya silinda yachitatu inkalekeza m'njira.

"Mama, galimotoyi inamirapo mu mtsinje?"

"Ayi. Chimwalirire bambo awo a anawa yakhala pansi pa mango pompa, kupatula ulendo umodzi wa ku Lupembe."

"Poiliza munachita kukankha?"

Ndinawafotokozera za tsiku lija, za gu woyamba ndi wachiwiri, ndi za madzi amene anthu anati ndi misozi. Anakweza maso n'kuyang'ana paipi ija kuyambira pansi mpaka kudenga. Kenako anatembenukira kukhonde.

"Chitini chija chili kuti?"

Ndinaloza pa msomali.

Anamasula paipi ya mphira yolumikiza paipi yaitali ija ku injini. Munatuluka matope, masamba a mango owola, ndi madzi ofiira otsalira. Anakhala pansi pomwepo, pa dothi, munthu wamkulu. Anandiuza kuti mvula yonse ya dzinja inkatsikira m'menemo, ndipo potulukira panalibe.

"Kabowo kotayira madzi tinamata ndi manja angawa, ine ndi iyeyo," anatero. "Tinkatseka madzi a pansi. A kumwamba iye anati chitini chikwana."

Madzi atadzadza anasefukira mu silinda imene inaima ndi khomo lotsegula, n'kukhala momwemo miyezi yonse ija. Mpweya umafinyika, anatero, koma madzi safinyika. Galimoto itati gu koyamba paja n'kuti ikukana ndi chifukwa. Pakanakhala womasula mapulagi kuti madzi alavulidwe, mwina bwenzi tikukamba zina. Koma amuna aja anakankha ndi chikondi chawo chonse mpaka chitsulo chinagonja.

Ndinawapempha kuti atsegule ndithu, ndione ndi maso anga. Munthu suika maliro usanaone nkhope. Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Atachotsa mutu wa injini, mu silinda yachitatu munali mzere wa dzimbiri wozungulira, wosonyeza pamene madzi analekeza, ndipo pansi pake khoma linali litang'aluka. Chitsulo chogwira pisitoni, chimene chimayenera kukhala chowongoka, chinatuluka chopindika ngati chikwakwa. Mu oilo munkanyezimira tizitsulo ngati mamba a usipa.

"Apa palibe chokonza, mama. Pole sana, pepani kwambiri. Ndi injini ina basi, ya ku Tanzania."

"Nanga tikangotseka, iziyenda ndi atatuwo?"

"Ingayende mpaka tsiku limene chitsulochi chidzaboole m'mbali. Tsikulo silili kutali, ndipo likhoza kuipeza ili ndi anthu pakati pa madzi."

Ndinaseka, chifukwa china chochita panalibe. Injini ina, ine wa mandasi. Akuluakulu sananame, mvula ikakuona litsiro sikata.

Alamu atamva anabwera. Ndinawayalira mphasa, n'kuika chitsulo chopindikacho patsogolo pawo. Mawu ndinali nditawanola kale, ndipo ndinkafuna anditsutse kuti ndipeze pothira moto.

"Lona ija ndinapempha," ndinatero.

Anatenga chitsulocho, kuchitembenuza uku ndi uku. "Enya, munapempha."

"Ndipo galimoto inakana koyamba. Inu munaitana ena okankha."

"Tinachita mwa mwambo, mulamu. Tinkafuna tikusiyireni yolira."

Basi. Sanakweze mawu, sanadziteteze. Ukali wanga unasowa pogwera. Munthu wamakani ukhoza kumenyana naye, koma wovomera zonse n'kusasintha kanthu amakusiya ukupsa wekha. Anati kubanja kulibe amene angakwanitse injini, ndipo zinali zoona. Ndinkawadziwa onse ndi minda yawo. Anati andipatsa mpata mpaka sukulu zitsegulidwe, tione ngati ndingapeze njira ina.

Ndinayesa. Ndinawonjeza mandasi, ndinayanika usipa wa eni, ndinachapa zovala za aphunzitsi. Zimenezo zimaletsa munthu kufa, koma siziphunzitsa mwana. Wamkulu anali atasankhidwa kupita ku sekondale. Wamng'ono siketi inayamba kumutaya m'chiuno. Sukulu zitayandikira sindinadikire kuti alamu abwere ndi mboni. Ndinawaimbira ndekha, ndipo tsiku limenelo ndinadana ndi pakamwa panga.

Ndinawaperekeza ana kumsewu, chikwama chawo chili pamutu panga. Wamkulu ankadziwa zonse, ndipo njira yonse sanandiyang'ane. Wamng'ono, minibasi itaima, anandifunsa ngati galimoto ikachira ndidzabwera kudzawatenga. Mkulu wake anamukoka dzanja n'kumuuza kuti akwere, akuchedwetsa anthu.

Ku Vinthukutu si kutali, anthu ankanditonthoza choncho. Ndinapitako kangapo. Amandilandira bwino, amandiphera nkhuku, amandiyalira kuchipinda cha alendo. Ana anga amabwera kudzagwada n'kundipatsa moni m'Chitumbuka, kenako amayi a pakhomopo amawatuma madzi ndipo amapita. Sakuzunzidwa, akudya, akuphunzira. Ndilibe choti ndinganenere munthu, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka kwambiri. Pa Ngara nyumba inandikulira, ndipo msuweni wa masipanala uja anayamba kumaizungulira akuyang'ana malata. Achimwene anga anaimba foni n'kunena kuti ndibwerere ku Dowa, munda wa amayi ulipo. Ndinazengereza chilimwe chonse, osadziwa chimene ndikudikira.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, masana, kunachita mdima ndipo mphepo inayamba kugwetsa mango osapsa. Ndinali pakhonde ndikumanga katundu wanga, amene anakwana m'chitenje ndi m'thumba limodzi. Galimoto inali pamalo pake pomwe paja, matayala ataphwa, zitsulo za injini zili mu saka kumbuyo kwake. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, motalikirana, ndipo ndinawamva akulowa m'paipi muja. Ndinakoleza chala pa kawaya kopachikira, n'kuchotsa chitini pa msomali. M'kati mwake munali kangaude. Ndinatuluka, ndinaponda pa tayala, n'kuchivundikira pakamwa pa paipi. Chinakwana bwinobwino. Pakhomopo panalibenso munthu woti andiletse.